Chivomezi Chikabwera, Nyumba Imavina ndi Dothi Lake

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa litakwiya, munthu woyenda kumunsi kwa tauni ya Kafue cha kumtsinje amaona dothi lakuda lija la makande litang'ambika ming'alu yoti dzanja lonse n'kulowa. Mvula ikayamba ming'aluyo imatsekeka yokha, dothi limafufuma, ndipo nsapato ya munthu imatsalira m'matope. Tinazolowera zimenezi kotero kuti sitiziganiziranso. Komatu dothi limene limatsegula ndi kutseka pakamwa chaka ndi chaka ndi lomwelo limene ena a ife tamangapo nyumba, ndipo pa tsiku limene dziko lidzagwedezeke, dothi limenelo lidzakhala ndi mawu aakulu pa mlandu wakuti nyumbayo iima kapena igwa.

Tikudziwa kuti ena mwa inu, awerengi athu, mwayamba kale kupukusa mitu, mukuti zivomezi n'za ku Japan ndi ku Turkey, kuno kwathu timangozimvera pa wailesi. Tiyeni tiyambe ndi kuwerenga zimene zinachitika pafupi nafe, kenaka tibwerere ku maziko a nyumba zathu.

Dziko lathu si logona tulo

Mbali ya kum'mawa ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pa chaka. Mng'alu waukuluwo, umene akatswiri a miyala amautcha East African Rift, ndiwo unakumba maenje mmene munakhala nyanja za Tanganyika, Rukwa ndi Malawi. Nthambi zake zinalowa ndithu m'Zambia: kudera la Mweru, m'chigwa cha Luangwa, m'chigwa cha Zambezi kumene kuli Kariba, ndiponso pansi pa chidikha cha Kafue. Amene anafikako ku Lochinvar anaona akasupe otentha a Gwisho ndi Bwanda. Madzi amenewo amatsikira m'ming'alu yakuya ya miyala, amatenthedwa pansi, n'kubwereranso kumtunda akufuka nthunzi. Pamene pali kasupe wotero pali mng'alu, ndipo mng'alu wa miyala ukaterereka mwadzidzidzi, chimene timamva ife pamwamba ndicho chivomezi.

Pa 13 Disembala 1910, chivomezi cha mphamvu ya 7.4 chinachitika kudera la Rukwa m'Tanzania, kufupi ndi malire athu a kumpoto. Usiku wa pa 10 Malichi 1989 china chinagwedeza Salima ku Malawi, chinapha anthu 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pogona. Mu Febuluwale 2006 cha mphamvu ya 7.0 chinachitika ku Machaze m'Mozambique, ndipo anthu anachimva mpaka ku Harare ndi ku Durban. Mu Disembala 2009 boma la Karonga linagwedezeka kwa masabata angapo motsatizana, anthu 4 anafa, nyumba zikwizikwi zinaonongeka. Ndipo m'dziko lathu lino, pa 24 Febuluwale 2017, chivomezi cha mphamvu ya 5.9 chinadzutsa anthu a ku Kaputa usiku n'kugwetsa nyumba zina.

Choyandikira kwambiri kwa ife a ku Kafue ndi cha ku Kariba, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pano ngati munthu aulukira molunjika monga mbalame. Khoma la damulo, lotalika mamita 128, linatsekereza Zambezi kumapeto kwa 1958, ndipo nyanja inadzaza mu 1963. Madzi ake ndi olemera matani pafupifupi 180 biliyoni. Kulemera kumeneko, pamodzi ndi madzi amene analowerera m'ming'alu ya miyala ya pansi, kunadzutsa zivomezi zambirimbiri, ndipo chachikulu mwa izo, cha mphamvu ya pafupifupi 6, chinachitika pa 23 Seputembala 1963. Kariba ndi amodzi mwa malo amene akatswiri a dziko lonse anaphunzirirapo kuti nyanja yopangidwa ndi anthu ingathe kugwedeza dziko.

Manambala amenewa asatinyenge ndi kuchepa kwake. Pa sikelo yoyezera zivomezi, kukwera ndi nambala imodzi ndiye kuti mphamvu yachuluka pafupifupi ka 32. Chivomezi cha 7 chimaposa cha 5 pafupifupi ka 1,000. Tinenenso chilungamo: Kafue si Karonga, ndipo zivomezi zimene makina a Geological Survey Department amalemba kuzungulira chigawo chino zambiri n'zazing'ono, zongoliza malata ndi kugwedeza makapu m'kabati. Koma nyumba timamangira ana ndi adzukulu, ndipo zaka 60 kapena 80 ndi nthawi yokwanira kuti chimene chimabwera kamodzikamodzi chibwere.

Thanthwe, phala ndi katungwe

Chinthu chimene ambiri sitichidziwa n'chakuti chivomezi chimodzi chomwecho sichigwedeza malo onse mofanana. Ikani mwala ndi mbale ya phala pa thebulo limodzi, ndipo mugwedeze thebulolo. Mwala umayenda monga mmene thebulo layendera, thebulo likaima nawonso waima. Phala limatengeka, limapita uku ndi uku koposa thebulo lenilenilo, ndipo limapitirira kunjenjemera inu mutaleka kale. Nthaka imachita chimodzimodzi. Mafunde a chivomezi amathamanga kwambiri m'thanthwe, koma akalowa m'dothi lofewa amachepetsa liwiro, ndipo mphamvu imene ananyamula imaunjikana, choncho amakula. Amakanikanso kutuluka msanga, amangogunda pamwamba n'kubwerera pa thanthwe la pansi, n'kukweranso, monga mawu m'tchalitchi chopanda anthu.

Umboni wowawa wa zimenezi uli ku Mexico City. Pa 19 Seputembala 1985 chivomezi cha mphamvu ya 8 chinachitika kugombe la nyanja yamchere, makilomita oposa 300 kuchokera mumzindawo. Mtunda umenewo ndi wokwanira kuti mafunde afooke, ndipo pa miyala ya m'mapiri a m'mbali mwa mzinda anafikadi ali ofooka. Koma pakati pa mzindawo panamangidwa pamene kale panali nyanja ya Texcoco, pa dongo lofewa lodzaza madzi. Pamenepo makina anaonetsa kugwedezeka koposa kwa pa miyala pafupifupi kasanu, ndipo anthu zikwi zambiri anafa.

Chodabwitsa china n'chakuti nyumba sizinagwe mwachisawawa. Zimene zinaonongeka koposa zinali za nsanjika 6 mpaka 15, pamene zambiri zazifupi, ngakhale zakalekale, zinatsala chiimire. Chifukwa chake mwana aliyense wosewera katungwe amachidziwa. Katungwe ali ndi nthawi yake yopitira ndi kubwerera. Mukamkankha mnzanu pa nthawi yoyenera, ngakhale ndi chala chimodzi, amakwera m'mwamba ndithu. Mukamkankha mosemphana, amaima. Nyumba iliyonse ili ndi nthawi yakeyake yogwedezekera. Mainjiniya amawerengera mongoyerekeza kuti nsanjika iliyonse imaonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi: nyumba yapansi imanjenjemera mofulumira ngati chitsa, ya nsanjika 10 imatenga pafupifupi sekondi yathunthu ngati nsungwi pa mphepo. Dothi nalonso lili ndi nthawi yake, ndipo dongo la ku Mexico City linali kupita ndi kubwerera pa masekondi awiri alionse. Nyumba za msinkhu wapakati zija zitayamba kung'aluka zinafewa, nthawi yake inatalika n'kukumana ndi ya dongolo, ndipo dothi linazikankha ngati katungwe mpaka zinathyoka.

Pamenepa pali phunziro limene limatikhudza mwanjira ina. Nyumba zathu zambiri n'zapansi, zouma gwa, zanjerwa kapena zamabuloko. Zimenezi zimaopa kugwedezeka kofulumira, kumene kumachitika pamene chivomezi chili pafupi, ndiponso pamene dothi losaya kwenikweni lagona pa thanthwe. Choncho tisadzitonthoze kuti poti kwathu kulibe Findeco House ndiye kuti nkhaniyi ndi ya a ku Lusaka okha.

Nyumba nayonso imakankha dothi

Mpaka pano talankhula ngati kuti dothi ndilo limachita zonse, nyumba imangolandira. Si choncho. Nyumba ndi katundu wolemera, ndipo dothi likasuntha mwadzidzidzi pansi pake, iyo imafuna kutsala pamene inali, monga mmene ife timagwera chagada minibasi ikanyamuka mothamanga. Potsalira m'mbuyomo imatsamira mbali imodzi, imapondereza dothi la mbali imeneyo ndi kupepukira mbali inayo, kenaka zimatembenuka. Ngati maziko ali pa thanthwe, thanthwelo silimva kanthu, ndipo mphamvu yonse imathera m'makoma. Ngati ali pa dothi lofewa, dothilo limalola, nyumba imapendekera uku ndi uku ngati bwato, ndipo mbali ina ya mphamvuyo imabwerera m'nthaka n'kumwazika.

Wina anganene kuti, basi, dothi lofewa ndi labwino, likuchita ngati mtsamiro. Kwa zaka zambiri ngakhale mainjiniya ena anaganiza choncho, ndipo nthawi zina zimaterodi. Koma mtsamirowo uli ndi mtengo wake. Dothi lopanikizidwa mobwerezabwereza silibwerera pamene linali. Ngodya imodzi ya nyumba imatitimira koposa inzake, ndipo khoma la njerwa, limene limapirira bwino kulemera kochokera pamwamba, silipirira konse kukokedwa kapena kupindidwa. Limang'aluka mopingasa, kuyambira pa ngodya ya zenera kapena ya chitseko, motsata mizere ya matope ngati makwerero.

Choopsa koposa chimachitika pamene pali mchenga wosalala, wosatsendereka, wokhuta madzi. Kapondeni mobwerezabwereza pa mchenga wonyowa m'mbali mwa mtsinje: poyamba ndi wolimba, kenaka madzi amatuluka pamwamba, ndipo phazi limayamba kumira. Chivomezi chimachita zomwezo pa dera lalikulu nthawi imodzi. Timiyala ta mchenga timaleka kugwirana, kulemera konse kumatsalira pa madzi, ndipo kwa kanthawi nthaka imasanduka phala. Ku Niigata m'Japan, pa 16 Juni 1964, nyumba za nsanjika 4 zomangidwa bwino ndi konkire ndi zitsulo, pafupi ndi mtsinje wa Shinano, zinapendekeka ndipo ina inagona chammbali, makoma ake ali osang'aluka n'komwe. Nyumba inali yolimba, pansi ndipo panathawa. Ku Machaze mu 2006 ndi ku Karonga mu 2009 akatswiri anapeza zizindikiro zomwezo: ming'alu m'nthaka, ndi mchenga wotumphuka pamodzi ndi madzi m'malo otsika.

Kafue: pakati pa mapiri ndi mtsinje

Tauni yathu inakhala pamalo pamene mitundu iwiri ya nthaka imakumana. Kumadzulo kuli chidikha cha Kafue Flats, chotalika makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Itezhi-Tezhi, chimene mtsinje wakhala ukuyalapo matope kwa zaka zosawerengeka. Kum'mawa mtsinje womwewo umalowa pakati pa mapiri a miyala n'kugwera mu Kafue Gorge. Motero mabanja awiri opemphana moto ndi mchere angathe kukhala pa nthaka zosiyana kotheratu, lina pa dothi lamiyala la m'tsinde mwa phiri, lina pa makande kapena pa matope akale a mtsinje pamene madzi a pansi ali pafupi. Makande enieniwo, pokhala dongo lomata, sasungunuka ngati mchenga. Vuto lake ndi lija tayamba nalo: amafufuma m'dzinja, amakwinyika m'chilimwe, ndipo amanyamula ndi kutsitsa maziko chaka chilichonse. Nyumba yotero imafika pa tsiku la chivomezi itatopa kale, ming'alu ili chikhalire kuyembekezera. Penti ndi pulasitala zimabisa zambiri; paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Amene anamanga zinthu zazikulu kuno anayamba afunsa nthaka. Ulalo wa njanji wa pa Kafue, wa zigawo 13 ndi wotalika mamita 427, unatha mu 1906. Makina a magetsi a ku Kafue Gorge, amene anayamba kugwira ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, anaikidwa pansi, m'phanga losemedwa m'thanthwe. Nayonso Kafue Estates inamangidwa motsata pulani, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1970, kuti mukhale antchito a m'mafakitale atsopano a nthawiyo, monga Kafue Textiles ndi Nitrogen Chemicals of Zambia.

Chimene chasintha ndi ichi. Kuyambira mu 1996, pamene boma linayamba kugulitsa nyumba kwa anthu okhalamo, ambiri anasanduka eni nyumba, ndipo ndi chinthu chokondweretsa. Mwini nyumba amaonjezera chipinda cha anyamata, khitchini yaikulu, kashopu kutsogolo, zipinda za lendi kuseri. Ena akugula mapuloti kumalo kumene kale kunali madimba ndi madambo. Ntchito zambiri zotere zimachitika ndi ndalama za penshoni, mmisiri ndi mwini nyumba atangogwirizana pakamwa, ndipo ndalama zikayamba kuchepa, poyamba kudula ndi pa maziko, popeza palibe mlendo amene amayamikira maziko. Ife tikuona kuti pamenepa ndi pamene pagona ngozi yeniyeni ya tauni yathu, koposa ming'alu ya pansi pa Kariba.

Taganizirani chipinda chatsopano chomatidwa ku nyumba ya zaka 50. Nyumba yakaleyo inakhazikika kalekale, dothi la pansi pake linatsendereka. Chipinda chatsopano chili pa dothi losapondedwa, mwina pa maziko osaya, mwinanso pamene kale panali dzenje la zinyalala kapena chimbudzi chokwirira. Ziwirizi zimatitimira mosiyana ngakhale popanda chivomezi, n'chifukwa chake mng'alu woyamba umaonekera pa msoko. Dziko likagwedezeka, chilichonse chimavina nyimbo yakeyake, ndipo zimagundana kapena kukokana pa msoko pomwepo. Mmisiri wodziwa ntchito amasankha chimodzi mwa ziwiri: kumangirira zonse pamodzi ndi zitsulo kuyambira ku maziko mpaka kumtunda, kapena kuzilekanitsa dala ndi kampata koongoka kuti chilichonse chiyende pachokha. Kungolowetsa njerwa ziwirizitatu m'khoma lakale ndi kudzinamiza.

Zimene womanga angachite

Choyamba n'chosalira ndalama: kukumba dzenje loyesera pa puloti musanayambe, makamaka m'dzinja, n'kuona zimene zili pansi. Dothi lakuda lomata, mchenga wogumuka wokha, zidutswa za mabotolo ndi mapulasitiki, kapena madzi otuluka dzenje lisanafike m'chiuno, zonsezi zikunena kuti maziko wamba sakwanira pamenepo. Funsaninso okalamba a m'deralo kumene madzi amaima mvula ikachuluka ndi kumene anthu ankaumba njerwa. Safunsa anadya phula.

Maziko atsike mpaka pa dothi lolimba, ndipo nyumba yonse ikhale pa nthaka ya mtundu umodzi. Pa malo otsetsereka anthu amakonda kudula kumtunda n'kuthira dothilo kumunsi kuti pasalale. Nyumba ikakhala theka pa chodula, theka pa chothira, yakhala pa mwendo umodzi wautali ndi wina waufupi. Pa makande, pamene dothi lolimba lili kutali, mainjiniya amachotsa dothi loipalo n'kuthira lina lotsendera bwino, kapena amayala silabu yokhala ndi zitsulo ndi nthiti zake, kuti nyumba iyandame yonse pamodzi ngati thireyi. Apa ndi pamene ndalama yolipira injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia imadzibweza yokha, ndipo pulani yopita ku khonsolo isaonedwe ngati chipsinjo chabe.

Madzi asamaime m'mbali mwa nyumba. Kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, ngalande yotaya madzi a padenga kutali, paipi yodontha yokonzedwa msanga, mtengo waukulu wobzalidwa patali ndi khoma: zonsezi zimathandiza kuti chinyezi cha pansi pa maziko chisamasinthesinthe.

Kumtunda, chinthu chimodzi choposa zonse ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera ndi zitseko, amene amisiri amati ring beam. Dengu limalimba ndi mkombero wake. Mukauchotsa, nsungwi zimamwazika. Lambayo asaduke paliponse, apitirire m'ngodya ndi m'makoma a m'kati, ndipo mitengo ya denga imangiriridwe kwa iye. Ku Karonga nyumba zambiri zimene zinagwa zinali za njerwa zomangira matope, zopanda lamba, ndipo makoma ankangolekana pa ngodya n'kugwera kunja kapena m'kati. Pambuyo pake, mu 2010, boma la Malawi linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo zambiri za m'menemo n'zotheka kwa munthu wamba: ngodya zolumana bwino, mazenera osayandikira ngodya, makoma osatalika kwambiri popanda lina lowachirikiza. Konkire athiriridwe madzi kwa sabata yathunthu, ndipo thumba la simenti lisakakamizidwe kubala mabuloko oposa muyeso wake.

Pali zinthu ziwiri zimene zachuluka m'mayadi mwathu zimene sitiziwerengera. China ndi mpanda wa mabuloko, wautali, wopyapyala, wopanda nsanamira zokhala ndi zitsulo, umene ana amakonda kukhala mumthunzi wake. China ndi thanki ya madzi yokwezedwa pa miyendo yachitsulo. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, ndipo kulemera konseko kuli m'mwamba, pa miyendo inayi yoponda timalo tating'ono m'dothi limene nthawi zambiri limakhala lonyowa ndi madzi osefukira a thanki yomweyo. Miyendoyo ikhale ndi zitsulo zopingasa mbali zonse zinayi, ikhazikike pa konkire wokwanira, ndipo thankiyo isaime moyang'anana ndi chipinda chogona.

Kwa amene nyumba yawo inatha kale, pali kayesedwe kosavuta. Pakani kachigamba ka pulasitala kopyapyala modutsa mng'alu, lembani tsiku pambali pake ndi pensulo, ndipo mukaonenso kumapeto kwa dzinja ndi kumapeto kwa chilimwe. Kachigambako kakakhala kathunthu, mng'aluwo ndi wakale, unaima, mungathe kuumata. Kakang'ambika, ndiye kuti maziko akuyendabe, ndipo musanagule penti muitane wodziwa za maziko kuti adzakumbe pa ngodya imeneyo aone chimene chili pansi.